ZIMENE KAMERA NDI PENSULO ZINATISUNGIRA

 Akonzi a kalata yathu ino anandipempha kuti ulendo uno ndilembeko za mbiri yakale, poti ena a inu mukukumbukira kuti kusukulu kuja ndinali mlembi wa kalabu ya mbiri ndi zojambulajambula. Sindinawavute, chifukwa ndili ndi nkhani imene yakhala ikundilemera mumtima kuyambira mwezi wa Malichi chaka cha 2023.

Mwezi umenewo namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kumwera, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo yawo ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'madera ena. Kwathu madzi analowa m'nyumba kulekeza m'mawondo. Tonse tinapulumuka, choncho sindingayerekeze kudandaula pamaso pa anzathu amene anaika maliro. Komabe pansi pa bedi panali bokosi lachitsulo lija ndinkapita nalo kusukulu, ndipo m'menemo munali maalubamu anga onse. Nditalitsekula patapita sabata, ndinapeza zithunzi zitamatana ngati chigumu. Ndikati ndimatule chimodzi, nkhope za anthu zinkatsalira pa chinzake. Pa zithunzi zonse za masiku a sukulu ndinapulumutsapo 7 zokha. Chimene sichinanyowe ndi kope lojambulamo la mnzanga wina wa ku Likoma, amene anatisiya zaka zapitazo, chifukwa linali pamwamba pa kabati. Za kopelo ndinena kutsogoloku.

KAMERA YA APHUNZITSI

Ndinalowa Fomu 1 m'chaka cha 1974. Amene munali pasukulu nthawi imeneyo simunaiwale aphunzitsi athu a mbiri, bambo wamfupi wokonda kuyenda atapisa dzanja limodzi m'thumba. Iwowa anali ndi kamera yaing'ono ya Kodak Instamatic, imene filimu yake inkatenga zithunzi 12. Kamerayo ankatibwereka ife a m'kalabu, koma panali lamulo. Usanadine kabatani, unkayenera kuyamba wajambula chinthucho ndi pensulo m'kope, kenaka n'kuwauza amene anachimanga, chaka chimene anamangira, ndi chifukwa chake. Ukalephera, kamera inkapita kwa mnzako. Iwo ankati munthu wojambula ndi pensulo amakakamizika kuyang'anitsitsa, pamene wa kamera akhoza kudina ali chitseke m'maso.

Filimu ikatha ankaitumiza ku situdiyo m'tauni kukaitsukitsa, ndipo tinkadikira masabata awiri kapena atatu mitima ili m'mwamba. Zithunzi zikabwera, zina zinkakhala zakuda bii, zina zodula mitu, china chala cha wojambula chitaphimba theka la nyumba. Chikatuluka chabwino chimodzi, sukulu yonse inkabwera kudzachiona pa bolodi la zidziwitso.

Achinyamata amene mukuwerenga mwina mufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani tinkangojambula matchalitchi. Zifukwa zinali ziwiri. Masiku amenewo munthu sunkaloza kamera pa mlatho, pa bwalo la ndege kapena pa nyumba ya boma. Ukadatero ukadayankha mafunso ambiri. Pa tchalitchi panalibe wokuletsa. Chifukwa chachiwiri chinali cha aphunzitsi athu eni ake. Ankati nyumba zakale kwambiri zimene zaima m'dziko muno zambiri ndi za mishoni, ndipo ngakhale mabuku amatchula maina a azungu okhaokha, manja amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali a agogo athu.

NJERWA ZA KU BLANTYRE MISHONI

Ulendo wathu woyamba waukulu unali wa m'chaka cha 1976, pamene mzinda wa Blantyre unakwanitsa zaka 100 chiyambire mishoni ya Church of Scotland pamalopo mu 1876. Tinakwera lole ya sukulu, anyamata ndi aphunzitsi, kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels.

Tchalitchichi anachimanga kuyambira 1888 kufikira 1891, ndipo anachipatula pa 10 Meyi 1891. Amene anatsogolera ntchitoyo ndi Abusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo ntchito ya zomangamanga. Panalibe pulani yeniyeni ya papepala. Akafuna kumanga khomo lokhota kapena chipilala, ankayamba ayala njerwa zoumazouma popanda matope, n'kuona ngati zikugwirana ndi kukongola, kenaka n'kuziphwasula ndi kumanga zenizeni. Antchito awo anali anthu a m'midzi yozungulira amene anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaumbira pomwepo ndi dothi la pomwepo, n'kuziotcha ndi nkhuni. Amene anaziwerenga amati pali mitundu 81 ya njerwa, uliwonse ndi chikombole chake. Kutalika kwa nyumbayo ndi mafiti pafupifupi 106, mulifupi mafiti 30, ndipo kuchokera pansi kufika pamwamba pa denga mafiti 37.

Zonsezi tinali titawerenga tisananyamuke. Chimene sitinawerenge ndi chimene pensulo inationetsa. Ine ndinakhala pa kapinga moyang'anana ndi khomo lalikulu, ndipo pofuna kufulumira ndinajambula nsanja imodzi bwinobwino n'kuikopera mbali inayo. Aphunzitsi atasuzumira m'kope anangoti, "Mnyamata iwe, wajambula tchalitchi cha m'mutu mwako. Dzutsa maso." Nditayang'ananso ndinaona kuti nsanja ziwirizo sizifanana kakongoletsedwe kake. Ndinafufuta ndi kuyambiranso, ndipo tsiku limenelo kamera sindinaigwire.

Abusa Scott omwewo ndi amene analemba buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja, lotuluka mu 1892, ndipo ankakhulupirira kuti mpingo wa m'dziko muno uyenera kutsogozedwa ndi eni dziko. Azungu anzawo ambiri, makamaka a m'maesiteti, sanakondwere nazo. Mwa achinyamata amene iwo anawakweza munali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911, John Gray Kufa, wothandiza m'chipatala, ndi Mungo Murray Chisuse. Dzina lachitatuli ndi limene ife okonda kamera tiyenera kulidziwa.

CHISUSE, CHILEMBWE NDI TCHALITCHI CHIMENE CHINAPHULITSIDWA

Chisuse anali mkulu wa nyumba yosindikizira mabuku pa mishoni ya Blantyre. Anapitako ku Scotland, ndipo pa ulendo wa 1897 anakaonjezera luso lake la kusindikiza mu mzinda wa Edinburgh. Atabwerako anadziwika ngati wojambula zithunzi, ndipo olemba mbiri amamutchula kuti ndi Mmalawi woyamba kugwira ntchito imeneyi. Azungu a nthawi imeneyo akamajambula anthu akuda, kawirikawiri ankawaimika ngati zinthu zodabwitsa zokaonetsa kwawo, kapena ngati amtengatenga ongodzaza chithunzi. Kwa Chisuse anthu ankabwera okha, atavala zimene asankha, n'kuima m'mene akufunira kuti adzukulu awo adzawaone.

Mmodzi wa amene anajambulitsa kwa iye ndi Abusa John Chilembwe. Iwowa anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Kumeneko anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha mu 1913. Pa 23 Januwale 1915 anatsogolera kuukira boma la atsamunda, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa. John Gray Kufa uja anali m'gulu la amene ananyongedwa. Tchalitchi cha ku Mbombwe asilikali anachiphulitsa ndi zida mpaka chinasanduka mulu wa njerwa. Mishoniyo inakhala yotseka kufikira 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anaitsekulanso.

Taganizirani, anzanga. Tchalitchi chimene chinaima zaka ziwiri zokha, lero tikudziwa maonekedwe ake chifukwa wina anachijambula chisanagwe. Ife tinakula tikumva za Chilembwe pa wailesi tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse, koma nkhope yake tinaidziwa chifukwa cha zithunzi zochepa zimene zinapulumuka. Nkhope imeneyo ndi imene inadzaikidwa pa ndalama zathu za pepala kuyambira mu 1997.

Nkhaniyi siithera pomwepa. Pali chithunzi china cha mu 1914 chimene chikuonetsa Chilembwe ataima ndi mmishoni wachizungu John Chorley, onse awiri atavala zipewa. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo dandaulo limeneli linamveka kwambiri pa kafukufuku amene boma linachita nkhondo ya Chilembwe itatha. Patapita zaka zoposa 100, katswiri wa zosemasema wa kwathu konkuno, Samson Kambalu, anatenga chithunzi chimenecho n'kupangapo chiboliboli chimene anachitcha Antelope. Anamukuza Chilembwe kuposa mnzakeyo, chipewa chili kumutu. Chibolibolicho chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakatikati pa mzinda wa London, mu Seputembala 2022, ndipo chinakhalapo mpaka 2024. Wojambula wa mu 1914 uja sakadalota n'komwe kuti kapepala kake kadzafika kumeneko.

PETRO WA KU LIKOMA

Tsopano ndibwerere ku kope lija. Mwini wake anali mnyamata wofatsa, wa mpingo wa Angilikani, amene potsekera sukulu ankayenda masiku angapo pa basi ndi pa sitima ya Ilala kuti akafike kwawo. Kamera sinkamusangalatsa kwenikweni. Iye ankajambula ndi pensulo ndi makala a kukhitchini, ndipo utoto ankaupanga yekha ndi katondo, mwaye ndi masamba. Kudzera m'kope lake ambiri a ife tinaona koyamba tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha pa chilumba cha Likoma.

Amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885. Malo amene anapatsidwa ankatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pamenepo ndi pamene Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903. Wolemba pulani anali Frank George. Miyala anaiswa pachilumba pomwepo, ndipo amisiri ambiri anali anthu a pa Likoma amene anaphunzira ntchito ikuyenda. Anayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo Bishopu Cathrew Fisher anachipatula mu Novembala 1911. M'katimo muli mipando ya kwaya yosemedwa pa mwala wofewa, mazenera a magalasi amitundumitundu, ndi mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873.

Mnzangayo anajambula zonsezi tsamba ndi tsamba, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ankalembapo tsiku ndi malo amene anakhala pojambula. M'kopemo mulinso manda a Bishopu Chauncy Maples mu tchalitchi cha ku Nkhotakota. Bishopuyu anamira pa nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene, ali pa ulendo wopita ku Likoma. Mulinso nkhope ya Bambo Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia kutsidya la nyanja, amene anadzozedwa unsembe mu 1909 n'kukamwalirira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913. Mnzangayo ankati Kamungu ndi woyera mtima wa kwawo, ndipo sankamvetsa chifukwa chake m'mabuku athu a mbiri munalibe dzina lake.

Koma chithunzi chimene chinautsa mapiri pachigwa ndi cha mu 1977. Kalabu yathu inapemphedwa kukongoletsa holo pa tsiku la makolo, ndipo iye anajambula Petro Woyera pa chinsalu chachikulu. Petro wakeyo anali msodzi wa pa nyanja yathu, wakuda, wa m'mapewa mwamphamvu, atamanga nsalu m'chuuno, akukoka khoka pambali pa bwato la mtengo, usipa utayanikidwa pa thandala kumbuyo kwake. Makiyi anamupachika m'khosi pa chingwe cha khonje. Chinsalucho chitapachikidwa, anthu anagawanika. Ena anati n'chipongwe, woyera mtima sangaoneke ngati munthu wa pa doko. Mkulu wina wa pasukulu analamula kuti chitsitsidwe alendo asanafike.

Aphunzitsi athu a mbiri sanakangane ndi munthu. Anangofunsa funso limodzi pamaso pa onse, kuti kodi Petro wa ndevu zofiirira ndi maso obiriwira amene ali pa kalendala ya mu ofesi anamujambula ndani, ndipo anamuonera kuti. Anafotokoza kuti Petro anali msodzi wa pa nyanja ya Galileya, ndipo azungu a ku Italy ndi ku Holland pomujambula ankatengera nkhope za anthu a m'misika ya kwawo. Chinsalucho chinatsitsidwabe, chifukwa lamulo linali litaperekedwa kale, koma anachipachika m'chipinda cha kalabu mpaka ife tinachoka. Kumene chinathera sindikudziwa. Chimene chatsala ndi chithunzi choyeserera cha pensulo m'kope muja.

OYERA MTIMA A NKHOPE ZATHU

Mkangano uja tikadauthetsa msanga tikadadziwa zimene zinkachitika kwina. Anzathu a Chikatolika anali kale ndi oyera mtima akuda m'mabuku awo a mapemphero. Pakati pa 1885 ndi 1887 mfumu Mwanga ya ku Buganda inapha akhristu ambiri, ndipo gulu lalikulu linatenthedwa pa moto ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Mwa iwo, Akatolika 22 anatchulidwa oyera mtima ndi Papa Paulo wa Chisanu ndi Chimodzi pa 18 Okutobala 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu. Pamwambowo Papa anakumbukiranso Aangilikani amene anafera limodzi nawo. Mtsogoleri wawo anali Charles Lwanga, ndipo wamng'ono pa onse anali Kizito, mnyamata wa msinkhu wa Fomu 1. N'chifukwa chake m'dziko muno muli masukulu, matchalitchi ndi ana ambiri otchedwa Lwanga ndi Kizito.

Ndiponso chaka chimodzi mnzanga asanajambule Petro wake, mu 1976, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anali atayambitsa malo a zaluso a Kungoni pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, mishoni imene a White Fathers anaitsekula mu 1902. Kumeneko amisiri a m'midzi anayamba kusema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ine ndinakafikako cha m'ma 1990 pa ulendo wa kuntchito. Nditaona Maria wosemedwa ngati mayi wa kumudzi, mwana ali kumbuyo, ndinakumbuka chinsalu chija chikutsitsidwa, ndipo ndinamulembera mnzangayo kalata usiku womwewo. Anandiyankha mwanthabwala kuti iye anangofulumira kubadwa.

Tisaiwalenso kuti kujambula zinthu zopatulika sikunabwere ndi amishoni. M'mapiri a Chongoni, m'boma lomwelo la Dedza, muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Amene anajambula pamenepo analibe satifiketi ya zaluso, monganso ife tinalibe.

CHITHUNZI CHOCHOKERA M'MWAMBA

Mwa zithunzi 7 zimene ndinapulumutsa, chimodzi ndi cha ku Livingstonia, kumene ndinakafika nditayamba kale ntchito. Alendo ambiri kumeneko amajambula zenera la magalasi la mu tchalitchi, loonetsa Livingstone ndi anzake aulendo, nyanja ili kumbuyo. Ine ndinajambula pansi, pa kapinga wa pafupi ndi nyumba ya miyala ya Dr Robert Laws, amene anasamutsira mishoni pa phiri la Khondowe mu 1894.

Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti, ndege inaponya uthenga pa mishonipo wofunsa ngati azungu akufuna kuwasamutsa poopa kuphedwa. Anthu a pamishoni, akuda ndi azungu, anakambirana usiku, ndipo kutacha anayala njerwa zopaka laimu pa kapinga kulemba dzina la vesi, Aefeso 2:14, imene imanena za kugumulidwa kwa khoma lolekanitsa anthu. Ndege itabwerera inajambula malembowo, ndipo chithunzicho chinatuluka m'manyuzipepala, nthawi imene boma linkauza dziko kuti anthu akuda akonza zopha azungu onse. Malembowo anadzawakhazika mu simenti kuti asafafanizike. Chithunzi changacho n'chopendekeka, ndipo madzi anadya ngodya imodzi, koma manambala akuwerengeka.

KATCHALITCHI KATHU

Mwina wina akuti, zonsezi ndi nyumba zotchuka, boma ndi mipingo akuzisamala, ife zikutikhudza bwanji? Ndiyankhe ndi funso. Ndani mwa inu ali ndi chithunzi cha katchalitchi kathu kakale ka pasukulu?

Amene munaphunzira zaka za m'mbuyo mukukakumbukira: denga la malata ofiira, mabenchi opanda zotsamira amene tinkalembapo maina ndi kampasi, belu lopachikidwa pa mtengo panja, ndi khoma la kuguwa limene ophunzira a m'badwo wa patsogolo pathu analijambula ndi penti. M'menemo tinkaimba m'mawa uliwonse, m'menemo tinkapempherera mayeso, ndipo m'menemo tinatsanzikana ndi mnzathu amene anamwalira tili Fomu 2. Sukulu itakula, kanachepa, ndipo kanagwetsedwa kuti pamangidwe holo yatsopano. Palibe amene analakwa; ana anachuluka ndipo malo anafunika. Koma pamene komiti yathu inafuna kulemba kabuku ka mbiri ya sukulu, mu ofesi simunapezeke chithunzi ngakhale chimodzi. Ine ndinali nazo zinayi, ndipo zonse zinapita ndi madzi. Ndikadazipereka ku bungwe zaka khumi zapitazo, bwenzi zilipo. Ndinkangoti ndidzapereka, ndidzapereka. Madzi akatayika saoleka.

Chimene chilipo lero ndi masamba atatu a m'kope la mnzanga uja: kunja kwa katchalitchiko, m'kati moyang'ana kuguwa, ndi belu pa mtengo wake. Kopelo anandipatsa ndi mwana wake wamkazi pa maliro, nati, "Amalume, bambo ankati inu ndi amene mungalisunge." Ndinachita manyazi pokumbukira mawu amenewo tsiku limene ndinatsekula bokosi lija.

Kutaya zolembedwa si chinthu chachilendo m'dziko muno. Mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anapsa. Olemba mbiri akhala akudzaza mpatawo ndi makalata a amishoni, mabuku a anthu wamba ndi zithunzi za m'mabanja. Zimene zili m'masutikesi mwathu ndi za mtundu womwewo, ndipo adani ake ndi chiswe, chinyezi, makoswe, ndi ana athu amene tikadzapita adzasesa m'nyumba osadziwa kuti anthu a pa zithunzizo ndi ayani.

PEMPHO LANGA

Ndakambirana ndi a komiti, ndipo avomera kuti pa msonkhano wathu waukulu ukubwerawu tidzakhale ndi chionetsero m'holo ya sukulu. Si mpikisano, ndipo palibe adzapatsidwe malikisi. Bweretsani chilichonse chimene munajambula ndi kamera, pensulo, makala kapena penti: katchalitchi kathu, tchalitchi kapena mzikiti wa kumudzi kwanu, manda a amishoni, kwaya, ukwati, nkhope ya woyera mtima amene munatchedwa dzina lake, ngakhale mtengo wa mbiri monga uja wa ku Nkhotakota pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe. Chikhale chodula mutu kapena chakuda mbali imodzi, bweretsani. Anzathu Achisilamu, mizikiti yakale ya ku Nkhotakota ndi ku Mangochi ili m'mbiri yomweyi, ndipo tikuyembekeza zanu.

Musanabwere, chitaniko zinthu zingapo. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo yofewa malo, chaka, maina a anthu kuyambira kumanzere, ndi dzina la wojambula. Bolopeni musagwiritse ntchito, chifukwa inki yake imalowerera n'kutulukira kumaso. Ngati chaka mwaiwala, lembani chimene mukukumbukira, monga kalasi imene munali kapena hedimasitala wa nthawiyo. Chithunzi chomatirira mu alubamu musachimatule; bweretsani alubamu yonse. Amene munasunga manegativu m'timaenvulopu ta ku situdiyo, musataye, chifukwa amatulutsa chithunzi chabwino kuposa chimene chili papepala. Achinyamata a m'bungwe lathu alonjeza kudzajambula chilichonse ndi makina n'kuchisunga pa kompyuta, ndipo mwini wake adzabwerera nacho kwawo tsiku lomwelo. Amene muli kutali, ikani chithunzicho pa tebulo pamthunzi, chijambuleni ndi foni popanda fulashi, n'kutumiza kwa mlembi wa bungwe pamodzi ndi mbiri yake. Tikadzasonkhanitsa, ganizo langa n'lakuti kope limodzi likhale ku laibulale ya sukulu ndipo lina tikapereke ku nyumba yosungira zakale ya boma ku Zomba, kuti zisakhalenso pansi pa bedi la munthu mmodzi.

Kwa inu amene mukujambula lero, foni imatenga zithunzi mazana pa tsiku, koma zambiri zimafera m'foni momwemo ikatayika kapena ikaonongeka. Sankhani zabwino zingapo mukazitsukitse papepala. Mukalowa m'nyumba yopemphereramo, yambani mwapempha kwa abusa, ansembe kapena shehe, ndipo funsani akuluakulu a pamalopo amene anaumba njerwa ndi amene anasema guwa, mulembe mainawo. Pa St Michael paja tikudziwa dzina la Scott ndi chiwerengero cha zikombole, koma maina a oumba njerwa ambiri anapita osalembedwa.

Ine ndidzabwera ndi zithunzi zanga 7 ndi kope la mnzanga. Ndidzalitsekula pa tsamba la Petro msodzi, ndipo ndapempha mdzukulu wanga, amene ali ndi dzanja labwino kuposa langa, kuti amujambulenso pa chinsalu chachikulu. A komiti andilonjeza khoma la kutsogolo. Ngati pali wina amene akudziwa kumene chinsalu choyamba chija chinapita, kapena amene ali ndi chithunzi cha aphunzitsi athu a mbiri atanyamula kamera yawo, chonde adziwitse akonzi.

Ndine mnzanu,
Wa Fomu 4 ya 1978